Shawelo ya Zayden

Clifton anaizindikira shaweloyo asanamuzindikire mwini wake. Zilembo zabuluu zomwe zinali pakona anazipeta ndi iyeyo zaka ziwiri zapitazo, pa makina omwewa, pakhonde lomweli la sitolo ya nsalu mu Limbe: ZAYDEN.

"Muchotsepo dzinali, a telala," anatero bamboyo. "Tilembapo lina. Mwana akutuluka m'chikuta mawa."

Apo m'pamene anamukumbukira. Roy, wa ku Namiwawa. Ulendo woyamba uja anabwera ndi phokoso, makiyi a galimoto akuzungulira pachala, chithunzi cha sikani chili m'manja, kuonetsa aliyense mpaka mayi wogulitsa nthochi pafupi ndi ngalande. Mwana anali akadali m'mimba koma dzina linali litafika kale. Analitchula chilembo chimodzichimodzi katatu konse, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. "Z, osati J. A Jayden achuluka m'tauni muno."

Clifton anatenga lezala n'kuyambira pa Z yomweyo.

Zaka khumi ndi zinayi zopeta maina a makanda zinamusiya ndi mseru. Jayden, Kayden, Brayden, maina omveka ngati mankhwala a chifuwa. Makolo amawatola pa foni ali pa mzere wa sikelo, agogo kumudzi n'kumathyoka nawo lilime mpaka kumangoti "ujeni uja". Dzina losathokoza Mulungu, losadandaula, losakumbutsa munthu aliyense. Lake lomwe la Clifton bambo ake analiwerenga pa katoni, ndipo sanawakhululukirebe. Ana ake awiri anawatcha Yamikani ndi Madalitso, ndipo kasitomala aliyense wokhala pabenchi yake ankauzidwa zimenezi, afune asafune.

Koma zalerozi zinaposa. Munthu wa mpanda wa njerwa, wa mlonda pageti, kulephera kugulira mwana wachiwiri shawelo yakeyake! Kulanda ya mkulu wake n'kuipala dzina ngati poto wa pachikole. Kwawo ku Chilobwe, ngakhale mayi wogulitsa makala amayesetsa kuti khanda litulukire m'nsalu yatsopano.

Ndipo shaweloyo inali mbuu, yoyera ngati yangochoka m'pepala. Popanda dontho la mkaka, popanda popyapyala chifukwa chochapa. Mizere yopindira inali pomwe anaisiya iye. Clifton anatsonya chamumtima. Ndi mmene alili anthu amenewa: kugula chinthu kuti achijambule, akatero n'kuchiponya m'kabati.

Roy anakhala pabenchi, manja ali pakati pa mawondo. Makiyi sankazunguliranso. Ulusi uliwonse umene Clifton ankasolola n'kugwetsa pansi, iye ankawerama n'kuutola, kuuwongola pabondo, kenako n'kuuika m'thumba la malaya.

Mpaka ulusi! Clifton analephera kudzigwira.

"Bwana, ulusiwo ndikupatsani wina waulere, musathyoke nawo msana. Nanga mkuluyo akadzafunsa shawelo yake mudzamuuza kuti chiyani?"

Roy anayang'ana kumsewu, komwe oitanira minibasi ankalimbirana mayi wina wa ku Bangwe.

N yomaliza inachoka. Pansalupo panangotsala timabowo ta singano, toti munthu woyang'anitsitsa akanawerengabe dzina lakale.

"Ndiye wapanoyu ndani? Drayden? Nenani pang'onopang'ono, ife sukulu inatikana."

Roy anatulutsa kapepala kong'ambidwa m'kope. Zilembo zake zinali za pensulo, zonjenjemera, zokwera ndi kutsika. TAYANI.

Clifton anawerenga kawiri, kenako anaseka mpaka telala mnzake wa pakhonde lina anadzutsa mutu. Ndiye fasho yatembenuka! Maina achizungu awakwana, tsopano akufuna achikuda, oti anzawo ku ofesi aziti bwanawa saiwala kwawo. Koma Chichewa chinawathawa kalekale. Angomva kuti likukoma m'khutu, basi, osafunsa kuti likunena chiyani.

"Ili lokha ayi, bwana," anatero akubweza kapepalako. "Mwalimvetsa koma? Mukuuza anthu kuti amutaye, ngati zinyalala. Mwanayu adzalowa nalo m'kalasi, aphunzitsi adzaliitana pamaso pa anzake. Adzafunsira nalo mbeta. Ngati mwatopa ndi maina a pa foni, bwerani kwa ife eni ake tikuthandizeni. Pali Yamikani. Pali Limbani, pali Dalitso. Makina angawa apeta zamanyazi zambiri, koma mwana wa munthu sindimutukwana ndi ulusi."

Anapinda manja n'kutsamira khoma, akumva kukoma kwa mawu ake omwe. Lero wophunzira waphunzitsidwa.

Roy sanalandire kapepalako. Anayang'ana timabowo tija kwa kanthawi, ndipo atayankhula mawu ake anali otsika kwambiri moti Clifton anachita kusendera.

"Alemba ndi amayi anga, ku Nsanje. Ulendo uja ndinawaseka. Akuti imfa nayo imasirira dzina lokongola, ndiye tiike loti ikalimva inyansidwe, idutse." Anagwira thumba la malaya lija. "Zayden anakhala masiku awiri, shaweloyi sanaifunde n'komwe. Petani zilembo zikuluzikulu, a telala, imfayo ilionere patali."