Bwana amene analetsa moni m'chipatala

Panali munthu wina woyendetsa chipatala, anamwino ankangowatchula kuti a Fulumirani. Amene anandiuza akuti nkhaniyi ndi yoona. Bwanawa anapita kumaphunziro a kachotsedwe ka zotayitsa nthawi pantchito, ndipo anabwerako atatentha. Anasendeza kabati ya mankhwala pafupi ndi mabedi, mizere ya odwala inafupika, aliyense anawomba m'manja. Basi, mutu unakula.

"Kuyambira lero moni watha," anatero. "Funsani chikupweteka, perekani mankhwala, wina alowe."

Sisitala wamkulu anati, "Bwana, kuthamanga sikufika. Akuluakulu amatchula matenda enieni macheza akapsa."

"Mayi, pano si paukwati."

Tsiku lina kunabwera apongozi aamuna a bwanawo, osamuuza mkamwini. Namwino sanadzutse n'komwe mutu. "Chikupweteka n'chiyani?"

Mdala anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana chitseko chosatseka. "Mutu, pang'ono." Namwino anawapatsa panado, ulendo wakunyumba.

Sipanatenge nthawi, mkazi wa bwana anaimba foni akulira. "Bambo akungobuula, mimba yatupa, koma akukana kubwera kuchipatala kwanuko. Akuti anawalandira ngati mbuzi yapamsika. Akatisiya, inu ndi ine tithana!"

A Fulumirani analiza galimoto, anakapeza apongozi atapindika pampando.

"Bambo, tiyeni, kwerani!"

"Khalani pansi kaye, akamwini. Mwadzuka bwanji?"

Abale inu! Munthu thukuta lili kamukamu, anakhala pansi. Anafunsana za ana, za denga lodontha, za njinga imene inabedwa. Bwana mantha ali tho, koma akungoti, "Ee, bambo. Zoonadi, bambo." Kenako mdala anatsitsa mawu.

"Ndi mkodzo, mwana wanga. Sukutuluka. Ndikanamuuza bwanji mwana wamkazi woti sanandipatse ndi moni womwe?"

Dokotala anawathandiza tsiku lomwelo, ndipo anati akanachedwa impso zikanawonongeka. Mdala anachira, banja linapulumuka.

Mizere ikadali yaifupi mpaka pano. Koma anamwino akaona a Fulumirani akubwera pakhonde amabisala, chifukwa moni wawo sutha. Amakufunsa mpaka za azakhali ako amene iwe mwini unawaiwala.

Phunziro: Chotsani zotayitsa nthawi pantchito, koma musachotse umunthu. Wodwala amamasuka kwa munthu amene wayamba wamuona ngati munthu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka abwana anu ngati mwalimba mtima.