Batani Lakumanzere

Mtsikana wina, nesi, anakhala pabedi la malemu bambo ake, foni yawo ili m'manja. Maliro anaika dzulo lake. M'chipindamo munkanunkhabe guluu ndi zikopa, poti mkuluyo ankasoka nsapato mpaka pabedi pomwe.

Foniyo anawagulira ndi iyeyo, yamabatani, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke kukagwira ntchito kunja. Anawaikira pulogalamu yotumizirana mauthenga a mawu. Poti yatsopanoyo inali patchaji, anawaphunzitsira pa foni yake.

"Mukamaliza kulankhula, mudine batani lakumanzereli, basi uthenga wapita."

"Pita," iwo anatero, osamuyang'ana n'komwe. "Mayi ako sanathe ndi chaka chomwe m'manda, iwe ukundisiya ndekha. Ndilibe mwana ine."

Iye ankayesa ndi ukali chabe, utha. Utha kuti? Miyezi isanu ndi itatu akutumiza uthenga Lamlungu lililonse, foni ikusonyeza kuti amvera, koma yankho lake zii. Anapepesa, anadandaula, analira, mpaka naye mtima unauma. Azakhali ake atamuuza kuti bambo ako akudwala, anayankha kuti akamufuna amuuza okha, pakamwa ali napo. Anafika bokosi atatseka kale.

"Munthu wamakani ngati mlongo wangayu sindinamuonepo," anatero azakhaliwo ali pakhomo, akupinda malaya a malemuwo. "Foniyo sankalola munthu kuikhudza. Fufuta zonsezo, mwana wanga, zikungokupweteka. Undipatse ine ndiziimbirako."

Zinkamupwetekadi. Munthu mpaka kulowa m'manda osamuponyerako mwana wake ngakhale liwu limodzi, ngakhale lotukwana lomwe. Anatsegula pulogalamu ija. Mauthenga ake anali ndandanda, okhaokha, ngati munthu wolankhula ndi khoma.

Asanafufute anati aone kaye ngati foniyo ikugwirabe ntchito, asawapatse azakhali chinthu chakufa. Anajambula mawu oti "halo", chala n'kupita chokha kumanzere. Apo anaima. Pamwamba pa batanilo panali timalemba ting'onoting'ono, timene maso a bambo ake sakanatha kuwerenga. Pa foni yake pamalembedwa kuti "Tumizani". Pa iyi, ya mtundu wina, pulogalamu yomweyo inaikapo "Sungani". Kutumizako inakakubisa mkati, pamzere wachitatu wa batani lakumanja.

Anatsegula mosungiramo. Munali mauthenga oposa zana, osatumizidwa ndi umodzi womwe. Anadina womaliza.

"Mayi wanga," anatero mawu a bambo ake, akupuma movutikira, "ukuti sindikuyankha? Ndikuyankhatu ine, tsiku ndi tsiku. Azakhali ako akuti subwera. Palibe kanthu, ndinakulakwira ndine. Koma undiuzeko kamodzi kokha kuti wandimva."