Poto wa Pansi pa Sinki

Mbama yoyamba ya bambo wa m'nyumbamo inamupeza mlamu wake akutsuka kapu. Yachiwiri inamugwetsera pachitseko cha fuliji.

"Wamudyetsa chiyani mwana wanga?"

M'bafa, kamtsikana ka zaka zisanu kanali kusanza kachinayi, mayi ake atakagwira pamphumi. Bamboyo naye m'mimba munali kumupota, koma iye ankati ndi ukali chabe.

M'nyumbamo moto unaletsedwa zaka ziwiri zapitazo, bamboyo atawerenga kuti kuphika kumapha chakudya. Sitovu anagulitsa. Nyama, mazira ndi mkaka zinatuluka tsiku lomwelo. Kunatsala masamba, zipatso ndi nyemba zofiira zonyika m'madzi, zomwe mlamuyo, mng'ono wa mkazi wake, ankazipera m'makina n'kufinyiramo ndimu. Mimba ya bamboyo inaphwa, kuthamanga kwa magazi kunachepa. Kuntchito anzake ankabisa mbale zawo akamuona akubwera ndi kaloti m'manja.

Tsikulo linali loyamba la tchuthi chake, ndipo anaswera m'khitchini. Mwana atayamba kusanza, bamboyo anatsegula makabati onse. Pansi pa sinki, kuseri kwa ndowa, anapeza kambaula ka magetsi ndi poto wothaitha.

Anamukoka tsitsi mlamuyo mpaka pasinkipo.

"Ichi n'chiyani? Ukuphika m'nyumba mwanga? Ndimakudyetsa kuti uzindithirira poizoni mwana?"

Potoyo anamumenyetsa kukhoma, chivundikiro n'kugubuduzika mpaka pakhomo. Kambaulako anakaponda ndi chidendene mpaka waya kutulukira kunja.

"Alamu, mundipha!"

"Mwanayu akafa, iwe utsogola."

"Bambo ake, tasiyani zimenezo, itanani galimoto!" mkazi wake anakuwa ali m'bafa.

Iye sanamve. Anamugwira mlamuyo pakhosi n'kumukanikizira pakabati, mbale ziwiri zinagwa phwaa! Anamusiya ataona kuti maso ayamba kutembenuka.

"Lankhula. Lero wamuphikira chiyani?"

Mlamuyo anatsokomola nthawi yaitali. Anadzuka atagwirira mpope, analavula magazi musinki, n'kutsegula madzi. Mawu anatuluka osasa.

"Lero? Palibe. Zaka ziwiri zonsezi, mukangotuluka pakhomo nyembazo ndimaziwiritsa mpaka kupsa, n'kuziponya mufuliji ndisanapere. Lero munandiimirira kumsana kuyambira m'mawa. Alamu, lero ndi tsiku loyamba m'nyumba muno kudya nyemba zaziwisi."