Kathumba ka ku Muzu wa Dzino

Clarissa, dokotala wa mano, anali akutsuka zopanira mano pamene chitseko chinamenyedwa ndi phazi mpaka kukagunda khoma. Pakhomo panaima mwamuna wamtali, jombo zili matope okhaokha, mpini wa khasu uli m'manja.

"Ndimwe munachosa dzino ya mukazi wanga?"

Kumbuyo kwake kunali mayi atamanga chitenje kuchibwano, ndipo Clarissa anamuzindikira. Anali Mavis, mlimi wa tomato wa konkuno ku Kanakantapa, amene anamuzula dzino dzulo lake. Dzinolo linali lakuda, lakufa kalekale, ndipo kunsonga kwa muzu wake kunamera kathumba ka mnofu wotupa, kukula kwake ngati nyemba.

Timathumba totere n'timene tinamuchotsa Clarissa ku Lusaka kudzakhala pa kachipatala aka. Iye ndi madokotala anzake ankafuna kudziwa ngati mu mnofu wodwalawo mumabisala maselo aja otha kusanduka fupa latsopano. Ankaudula mopyapyala, kuupaka utoto umene umamatira pa maselo okhawo, kenako n'kuunika ndi makina. Clarissa anamufotokozera Mavis zonsezi asanamuzule dzino, ndipo Mavisyo anavomera.

"Ndine, Ba Lazarous," anatero Clarissa, atakumbukira dzina limene Mavis anatchula dzulo lake. "Nkhalani pansi tikambe."

"Nifuna nyama yamene munatenga. Manje manje."

Clarissa ankadziwa kuti tsiku lotere lidzafika. Kasuba, namwino wa pamalopo, anali atamuchenjeza kuti kumijigo ndi m'maminibasi anthu akunong'onezana zoti dokotala wa ku Lusaka akutolera nyama ya anthu yokakhwimira. Choncho analankhula mofatsa, monga amachitira ndi wodwala woopa jakisoni. Ananena za fupa la nsagwada limene limadyeka, ndi za anthu amene angadzachire mtsogolo.

Mpini unatera pa thireyi. Zitsulo zinamwazika pansi.

Kasuba anathamanga kuchokera kuchipinda china n'kuima pakati pawo, mkono atakweza. Mpini unaupeza mkonowo pansi pa chigongono, ndipo kulira kwa fupa kunamveka mpaka panja. Kasuba anagwa chogwada. Lazarous anamulumpha, n'kumugwira Clarissa pakhosi pa malaya ake oyera, n'kumuwombetsa pa kabati. Mlomo wa Clarissa unang'ambika, magazi anadzaza m'kamwa.

"Ili kuti?"

Maso a Clarissa anamupereka. Anayang'ana pa shelefu.

Lazarous anatsitsa bokosi limene linali pamenepo n'kulitsegula. Timabotolo tinali m'mizere, kalikonse ndi nambala yake, popanda dzina la munthu. Anatola kamodzi, anakayang'ana pa kuwala kwa zenera, anatola kena. Atalephera kudziwa ka mkazi wake, anakhuthula bokosi lonse pa simenti n'kuyamba kusinja. Magalasi anathetheka. Mankhwala osungira mnofu anayenderera pansi, fungo lake likuwotcha maso ndi mphuno. Clarissa anaona ntchito ya miyezi yonse imene anakhala kuno ikupondedwa ndi jombo.

Odwala amene ankadikira pa benchi ndiwo analowa. Amuna anamugwera Lazarous kumsana, iye anamenya mmodzi ndi mutu n'kuluma wina chala, koma anamugwetsa m'magalasi momwemo n'kumumanga ndi chingwe cha ng'ombe. Anamukokera panja akutukwana. Pamene galimoto ya apolisi inkafika kuchokera ku Chongwe, khamu linali litadzaza bwalo, ndipo aliyense ankafuna kufotokoza zimene waona.

Apolisi anatenga Lazarous, ndipo Kasuba anatengedwa pa galimoto yomweyo kupita kuchipatala chachikulu. Clarissa anatsala atakhala pa mpando wa odwala, thonje lili pamlomo. Mkwiyo unalipo, koma chisoni chinkaukulira. Anadziimba mlandu kuti sanapite kumatchalitchi kukafotokoza ntchito yake anthu asanayambe kuopa. Munthuyo, anaganiza choncho, ankangoteteza mkazi wake ku chinthu chimene sankachimvetsa.

Mavis anali adakali pakona pomwe anaima chiyambire. Sanakuwe, sanalire.

"Bamuna banu ni mantha chabe," anatero Clarissa. "Nizabauza bapolisi kuti ni nkhani za ufiti zinabasokoneza."

"Musakambe choncho, ba dokota. Lazarous sayopa mfiti." Mavis anamasula chitenje kuchibwano n'kuchipinda bwinobwino. "Dzino ija anaipaya ni eve Lazarous, pamene ananimenya na chibakera. Ninamuuza kuti makina yanu yazaonesa zonse."

"Koma makina siyangaonese zimenezo."

"Niziba," anatero Mavis. "Koma akamenya kunyumba, kulibe wamene amaona."