Fulopi ya a Gibson

"Ana a lero simulemba mapulogalamu, mumangodinadina," anatero a Gibson akukankha laputopu ya mwana wawo Jenifa. "Ife polemba mapulogalamu m'chilankhulo cha BASIC mzere uliwonse tinkaupatsa nambala tokha. Ndipo zathu sizinkafa."

Anatulutsa m'chitini fulopi, kachimbale kachikale kosungira za pakompyuta, yomwe anaisunga chisiyireni ntchito yapakompyuta ku Salima zaka makumi atatu zapitazo. Anati luso lawo lonse linali mmenemo.

Loweruka lotsatira Jenifa anabweranso kwa makolo ake ku Mtakataka ndi kachipangizo kowerengera mafulopi. A Gibson anaitana akazi awo, a Namaliya, kuti adzaone mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Mufulopimo munali pulogalamu imodzi ya mizere iwiri yokha. Jenifa atangodina, sikirini inadzaza mawu otsika osalekeza: RAHEMA NDIMAKUKONDA, RAHEMA NDIMAKUKONDA.

"Rahema wogulitsa usipa pamsika uja?" anafunsa a Namaliya. Anawerenga ndi zala: fulopi zaka makumi atatu, ukwati makumi atatu ndi zisanu.

"Zimitsa iwe!" anakuwa a Gibson akumenya mabatani onse. Rahema ankangotsikabe.

"Isiyeni," anatero a Namaliya akukokera mpando pafupi. "Munanena zoona, bambo. Zanu sizifa."