Wojambula Amene Anaberedwa Ukwati wa Eni Ake

Panali munthu wina wojambula zithunzi za maukwati, waluso ndithu koma wosamva. Ntchito yake yonse ankaisunga mu laputopu imodzi yopanda ndi pasiwedi yomwe. Mlamu wake, wokonza makompyuta, anamulangiza mpaka malovu kuuma.

"Alamu, zithunzizi muzikoperanso pena, chosungiracho chizitsala kunyumba. Laputopuyonso bwerani nayo tiikiye mkati monse, kuti wakuba akaitsegula asaonemo kanthu."

"Inu mantha basi," anaseka wojambulayo. "Laputopu imeneyi ndimaikumbatira kuposa mchemwali wanu. Angaibe ndani?"

Tsiku lina anajambula ukwati wa namwino wina. Bambo a mkwatibwi anali odwala kwambiri, koma anadzikoka pampando n'kuvina ndi mwana wawo, holo yonse misozi. Pasanapite nthawi anamwalira.

Sabata ya maliroyo, wojambula uja anaimika galimoto pagolosale, chikwama cha laputopu n'kusiya pampando. Potuluka anapeza galasi lili mbwee pansi, chikwama palibe. Kadi ya mukamera anali ataifufuta kale pokajambula ukwati wina.

Maliro atatha, namwino uja anaimba foni.

"Achimwene, sindikufuna zambiri. Chimodzi chokha, chija ndikuvina ndi adadi."

"Ndikuchikonza, chemwali. Mawa."

Mawayo anasanduka nyimbo. Munthu anayamba kudzitsekera mu situdiyo, makatani otseka, foni ikungonjenjemera patebulo. Akamva kugogoda, ankagwira mpweya mpaka mapazi apite.

Kenako panabwera uthenga wa nambala yachilendo. Munali chithunzi cha kasitomala wake wina, mayi woyembekezera amene anajambulitsa atavula kuti aone mwamuna wake yekha.

"Laputopu yako ndi yokoma," analemba wakubayo. "Tumiza kangachepe. Ukangopita kupolisi, zonsezi ndizimwaza pa intaneti."

Anatumiza. Wakubayo anafunanso, iye n'kutumizanso. Anagulitsa kamera, koma chingwe chinkangothinabe pakhosi. Kuulula kunali kuyalutsa mayi wa eni, kukhala chete kunali kudyetsa fisi wosakhuta. Pomaliza anachonderera kuti amutumizire chithunzi chimodzi chokha, cha mkwatibwi ndi bambo ake.

"Zamaukwatizo ndinafufuta kalekale," anayankha wakubayo. "Sizigulika."

Wojambula uja anathamangira kwa mlamu wake maso ali psuu.

"Alamu, palibe njira yoitsekera laputopu ija tili kuno?"

"Ikanakhala yokiya, bwenzi wakubayo atangoba chitsulo. Pano palibe chimene ndingachite. Tiyeni kupolisi, kenako mukauze anthu aja zoona."

Anatero, ngakhale wakubayo sanapezeke. Mayi woyembekezera uja anangomutsekera chitseko kumaso. Kwa namwino anafika n'kufotokoza zonse atagwada pakhonde. Mtsikanayo sanakalipe. Anangoti:

"Tsiku la ukwati lija munalengeza kuti aliyense abweze foni m'thumba, ati akukutchingirani. Ine ndemwe ndinawapempha abale anga kuti akumvereni, ndiye palibe wina aliyense amene anajambula."

Phunziro: Zimene zili mu kompyuta yanu si zanu nokha. Muli nkhope, zinsinsi ndi misozi ya anthu ena. Zikopereni kawiri, china chikhale kutali ndi chikwama chanu, ndipo kompyutayo ikiyeni mkati monse lero lomwe, chifukwa wakuba sapangana naye tsiku. Musangowerenga nokha, atumizireni abale ndi anzanu amene amati "ndidzachita mawa."