Zilembo za a Daka

Kutada, Consolata ali ku Petauke analowa kudzela pa laputopu mu kompyuta ya sitolo yake ya ku Nyimba, kuti aone feteleza wotsala. Zilembo zinali zazikulu, zosakwana pa sikilini. Anazichepetsa, koma kamuvi ka mausi kanayenda kokha n'kukazikulitsanso, monga ankachitila malemu a Daka, kalaliki wake wa maso ofooka.

Anaimbila mlonda.

"A Titus, ndani ali mu ofesi?"

"Mulibe munthu, amai. Malaiti anayenda masana."

Consolata anayesa kutuluka mu kompyutamo, koma zinakanika. Anakumbukila magalasi a malemuwo ali m'chikwama mwake, amene anaiwala kupeleka tsiku la malilo.

Pa sikilini panayamba kulembeka pang'onopang'ono: "Amai, siniona bwino. Nibwele nitenge?"